Mphumu: chifukwa chake inhela yabulauni iyenera kupopedwa tsiku lililonse, ngakhale mukupeza bwino

Ngati mumadwala mphumu, kapena muli ndi mwana wodwala mphumu, usiku wa mwezi wa June mumaudziwa. Kunja kukuzizira, mbaula yalowa m'nyumba, mazenera atsekedwa. Cha m'ma 2 koloko chifuwa chayamba kulira ngati kamwana ka mphaka, mpweya ukukana kutuluka. Mumapapasa kumutu kwa bedi, kupeza inhela yabuluu, kupopa kawiri, ndipo pasanathe mphindi zisanu mwayamba kupuma bwino.

Koma mwina muli ndi inhela inanso, yabulauni, imene adokotala anakupatsani n'kunena kuti muzipopa m'mawa ndi madzulo. Munaipopa masiku atatu, simunamve kusintha kulikonse, n'kuiponya m'kabati. Ena amaisiya atangomva kuti muli siteroyidi.

Nkhani ino ikufotokoza zimene inhela yabulauniyo imachita m'kati mwa chifuwa chanu, chifukwa chake imachedwa kumveka, ndi mmene mungadziwire ngati ikugwira ntchito. Nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa: bungwe la WHO likuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni ankadwala mphumu padziko lonse, ndipo 455,000 anamwalira nayo. Ambiri mwa omwalirawo anali a m'maiko osauka ndi opeza pang'ono.

Mitundu ya inhela imasiyana malinga ndi kampani, choncho werengani dzina. Yotsegula chifuwa mwachangu imalembedwa salbutamol ndipo kawirikawiri ndi yabuluu. Yoteteza imene imapezeka kwambiri kuno imalembedwa beclomethasone ndipo kawirikawiri ndi yabulauni.

Chimachitika n'chiyani m'chifuwa cha wodwala mphumu?

Mpweya ukalowa pakhosi umatsika m'tinjira togawikana ngati nthambi za mtengo, mpaka kukafika m'kati mwa mapapo. Kwa munthu wa mphumu, tinjirati timakumana ndi mavuto atatu. Minofu yozungulira tinjira imafinya. Khoma la m'kati limatupa. Ndipo m'kati mwake mumadzaza makhololo olimba.

Salbutamol amalimbana ndi vuto loyamba lokha. Amamasula minofu yofinyayo, ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola 4 mpaka 6. Kutupa sakukhudza n'komwe.

Kutupako ndiye muzu wa matendawa, ndipo kumakhalapo ngakhale masiku amene simukumva kalikonse. Kuli ngati khala la moto lokwiriridwa m'phulusa: pamwamba pazizira, koma mukangoikapo udzu moto wabuka. Udzu wake ndi zinthu zimene timakhala nazo tsiku ndi tsiku m'makomboni a mu Lilongwe: utsi wa makala ndi nkhuni, zinyalala zootchedwa kuseri kwa nyumba, fumbi la m'misewu yadothi ya ku Chinsapo ndi Area 23 m'miyezi ya August mpaka October, makoyilo othamangitsa udzudzu, mphemvu, chuku cha m'makoma nthawi ya dzinja, chimfine, ndi fumbi la kuntchito kwa anthu a ku Mgona ndi Area 25 ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'mashedi a fodya.

Kutupa kumayamba ndi mapuloteni

Mukamva mawu akuti mapuloteni mwina mukuganiza za nyemba, usipa ndi mazira. Koma thupi limapanganso mapuloteni akeake, mitundu masauzande ambiri, ndipo ndi amene amagwira ntchito pafupifupi zonse za m'thupi. Ena amagaya chakudya, ena amanyamula mpweya m'magazi, ena ndi amithenga opereka uthenga kuchoka ku selo ina kupita ku inzake.

Maselo a mitundu yambiri ali ndi chipinda chapakati mmene mumasungidwa DNA. Iganizireni DNA ngati buku lalikulu la malangizo, ndipo tsamba lililonse likufotokoza kapangidwe ka puloteni imodzi. Masamba ambiri amakhala otsekedwa. Selo imatsegula tsamba pokhapokha ikafuna puloteniyo, kulikopera, n'kuyamba kupanga. Tsamba likatsegulidwa kwambiri, puloteniyo imachuluka. Likatsekedwa, puloteniyo imachepa.

M'chifuwa cha munthu wa mphumu, masamba oyambitsa kutupa amatsegulidwa mopitirira muyeso. Fumbi kapena utsi zikakhudza khoma la tinjira ta mpweya, m'maselo mumadzuka mapuloteni ena ogwira ntchito ngati akapitawo. Wodziwika kwambiri amatchedwa NF-kB. Kapitawoyu ndi anzake amalowa m'chipinda cha DNA n'kutsegula masamba ambiri nthawi imodzi, ndipo maselo amayamba kutulutsa amithenga. Atatu mwa amithengawa ndi ofunika kuwadziwa:

IL-4 amauza thupi kuti lipange IgE, puloteni imene imachititsa kuti thupi lizidana ndi zinthu zosavulaza ngati mungu, ubweya wa mphaka kapena fumbi.

IL-5 amaitana ndi kuchulukitsa maselo oyera a m'magazi otchedwa eosinophil. Maselowa ntchito yawo yeniyeni ndi kulimbana ndi njoka za m'mimba, koma akadzazana m'mapapo amatulutsa mankhwala owononga khoma la tinjira ta mpweya.

IL-13 amachulukitsa makhololo, amachititsa minofu kufinya msanga, komanso amauza maselo a m'khoma kuti apange mpweya wotchedwa nitric oxide.

Maina awa musavutike kuwaloweza. Chofunika kugwira n'chakuti kutupa kwa mphumu ndi ntchito ya mapuloteni amene maselo anu akupanga mochuluka, ndipo kuti kutupa kuthe, kupanga kumeneku kuyenera kuchepa.

Siteroyidi amachita chiyani?

Siteroyidi wa mphumu si yemwe uja amabaya anyamata ofuna kutupa minofu kujimu. Ndi wachibale wa cortisol, mankhwala achilengedwe amene thupi lanu limapanga tsiku lililonse m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Asayansi atatu, Philip Hench, Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein, analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1950 chifukwa cha ntchito yawo pa mankhwala a m'tiziwaloti. Beclomethasone wopopera anayamba kugwiritsidwa ntchito pa mphumu m'chaka cha 1972.

Mukapopa beclomethasone, mankhwalawo amatera pakhoma la tinjira ta mpweya n'kulowa m'maselo. M'kati mwa selo muli puloteni imene imakhala ikudikira cortisol kapena wachibale wake. Ziwirizi zikagwirana, zimalowa limodzi m'chipinda cha DNA n'kuchita zinthu ziwiri.

Choyamba, zimatseka masamba oyambitsa kutupa. Zimagwira manja akapitawo aja, kenako zimaitana puloteni ina yotchedwa HDAC2, imene ntchito yake ndi kukulunga DNA mothina kuti tsambalo lisawerengeke. Zikatero IL-4, IL-5, IL-13 ndi amithenga ena ambiri amachepa. Ma eosinophil akasowa uthenga wowasunga amoyo amafa. Makhololo amachepa, khoma limaphwa.

Chachiwiri, zimatsegula masamba ena othandiza. Maselo amayamba kupanga mapuloteni oziziritsa kutupa, monga annexin A1. Amapanganso timalo tambiri pamene salbutamol amagwira akafuna kumasula minofu. Apa pali phunziro lalikulu: munthu wopopa salbutamol yekha pafupipafupi, timalo timeneti timayamba kugontha ndipo inhela yabuluu imachepa mphamvu. Siteroyidi amatibwezeretsa. Inhela yabulauni imathandiza yabuluu kugwira bwino ntchito tsiku limene mudzaifune kwambiri.

N'chifukwa chiyani simumva kusintha pompopompo?

Salbutamol amangouza mnofu kuti umasuke, ndipo mnofu umamva nthawi yomweyo. Siteroyidi amayenda ulendo wautali: alowe m'selo, akafike kwa DNA, atseke masamba, kenako adikire kuti mapuloteni amene anapangidwa kale athe. Ngati mwatseka mpopi m'nyumba yosefukira, madzi sauma nthawi yomweyo.

N'chifukwa chake ngakhale mapiritsi a prednisolone opatsidwa kuchipatala amatenga maola anayi kapena kuposerapo kuti ayambe kumveka. Kwa inhela yabulauni, ambiri amayamba kuona kusintha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri: kudzuka usiku kumachepa, inhela yabuluu imakhalitsa. Phindu lonse limabwera pakapita miyezi ingapo.

Mukasiya kupopa, masamba aja amatsegukanso. Simumva tsiku lomwelo, koma pakapita masabata angapo kutupa kumabwerera mwakachetechete. Ambiri amasiya mankhwala m'mwezi wa April chifukwa akupeza bwino, n'kudzagonekedwa m'chipatala mu June, osadziwa kuti ziwirizi n'zogwirizana.

Umboni wake ndi wamphamvu. Kafukufuku wa ku Saskatchewan m'dziko la Canada, wosindikizidwa m'chaka cha 2000, anapeza kuti inhela iliyonse yoonjezera ya siteroyidi imene wodwala anagwiritsa ntchito pachaka inkachepetsa imfa za mphumu ndi 21 peresenti. Ndipo m'chaka cha 2019 bungwe la GINA, lomwe limalemba malangizo a kasamalidwe ka mphumu padziko lonse, linasiya kuvomereza kuti akuluakulu ndi achinyamata azidalira salbutamol yekha. Linati wamkulu ndi wachinyamata aliyense wa mphumu azilandira siteroyidi wopopera. Kumene ikupezeka, bungweli limalimbikitsa inhela imodzi yophatikiza budesonide, yemwe ndi siteroyidi, ndi formoterol, yemwe amatsegula chifuwa mwachangu.

Kodi madokotala amayeza bwanji kutupa kosaonekako?

Popeza kutupa kuli m'kati, madokotala amayang'ana mapazi ake. Pali zizindikiro zingapo zoyezeka, ndipo chilichonse chimachokera ku mapuloteni takamba aja.

Ma eosinophil a m'makhololo. Nkhani yake inayamba ndi dokotala wa ku Derby ku England, Harry Morrow Brown. Ankadabwa kuti odwala ake ena amachira ndi prednisolone pamene ena ayi. Atayang'ana makhololo awo pa maikulosikopu, anapeza kuti ochirawo ndi amene anali ndi ma eosinophil ambiri, ndipo analemba zimenezi m'chaka cha 1958. Mpaka lero mfundo yake ikadali yoona: makhololo akakhala ndi ma eosinophil ambiri, siteroyidi amathandiza kwambiri.

Ma eosinophil a m'magazi. Awa ndi osavuta kuyeza, chifukwa amaoneka pa mayeso a magazi otchedwa full blood count ngati makina ake amasiyanitsa mitundu ya maselo oyera. Madokotala amatchera khutu chiwerengero chikafika 300 kapena kuposa pa maikulolita imodzi ya magazi mwa munthu wa mphumu. Prednisolone amachigwetsa msanga, choncho uzani adokotala ngati mwamwa mapiritsiwa posachedwa.

Nitric oxide wa mu mpweya wotuluka. Mayeso ake amatchedwa FeNO. Mumauzira m'kamakina pang'onopang'ono kwa masekondi pafupifupi 10. Kwa munthu wamkulu, nambala yochepera 25 ndi yotsika, yoposa 50 ndi yokwera. Popeza mpweyawu umachokera ku uthenga wa IL-13, nambala imatsika pakangopita masiku ochepa munthu akayamba kupopa siteroyidi moyenera. Ikakhalabe yokwera, funso loyamba la dokotala ndi lakuti: kodi mankhwala akufikadi m'mapapo?

IgE wa m'magazi. Amasonyeza ngati thupi lili ndi chizolowezi chodana ndi zinthu, koma sasintha kwenikweni ndi inhela, choncho sayezera ngati mankhwala akugwira.

Chenjezo la kwathu kuno: njoka za m'mimba ndi likodzo

Manambala amenewa anakhazikitsidwa makamaka m'maiko a ku Ulaya ndi America. Kuno kwathu pali chinthu china chokweza ma eosinophil ndi IgE, chomwe ndi njoka za m'mimba ndi likodzo. Mwana wosewera m'madambo kapena wosamba mumtsinje wa Lilongwe kapena Lingadzi akhoza kukhala ndi ma eosinophil ambiri mapapo ake ali bwinobwino. Choncho nambala yokwera payokha si umboni wa mphumu. Dokotala amaiwerenga pamodzi ndi mbiri ya kudwala kwanu, ndipo nthawi zina amayezanso chimbudzi ndi mkodzo.

Dziwaninso kuti mphumu si ya mtundu umodzi. Odwala ena, makamaka amene inawayamba atakula, onenepa kwambiri ndi osuta fodya, alibe ma eosinophil ambiri. M'tinjira tawo mumachuluka maselo ena otchedwa neutrophil, omwe samvera siteroyidi kwenikweni. Kwa anthu otere, kumangoonjezera mlingo sikuthandiza, ndipo amafunika kuonedwa ndi dokotala kuti apeze njira ina. Izi sizikutanthauza kuti asiye inhela yabulauni paokha.

Zizindikiro zimene mungayeze nokha kunyumba

Makina a FeNO kuno amapezeka makamaka m'manja mwa ochita kafukufuku, ndipo kuyeza maselo a m'makhololo si ntchito ya tsiku ndi tsiku m'zipatala zathu. Koma thupi lanu lili ndi zizindikiro zake. Ganizirani masabata anayi apitawa, n'kudzifunsa mafunso anayi:

1. Kodi ndabanika, kutsokomola kapena kulira m'chifuwa masana koposa kawiri pa sabata?
2. Kodi mphumu yandidzutsapo usiku?
3. Kodi ndafuna inhela yabuluu koposa kawiri pa sabata?
4. Kodi mphumu yandilepheretsa ntchito, sukulu, mpira kapena kuyenda mtunda?

Mukayankha ayi pa onse, kutupa kwagonja. Inde mmodzi kapena awiri, pali pofunika kukonza. Inde atatu kapena anayi, pitani kuchipatala sabata yomwe ino.

Werenganinso ma inhela abuluu amene mumamaliza. Imodzi imakhala ndi mapafu 200. Kumaliza atatu kapena kuposa pachaka ndi chizindikiro chakuti muli pachiopsezo chogwidwa ndi mphumu yaikulu. Kumaliza imodzi mwezi uliwonse kumayenderana ndi chiopsezo cha imfa. Lembani mufoni tsiku limene mwatsegula yatsopano.

Utsi umafooketsa mankhwala

Mukukumbukira HDAC2, puloteni yothandiza siteroyidi kutseka masamba? Kafukufuku wa gulu la Peter Barnes ku Imperial College mumzinda wa London anasonyeza kuti utsi wa fodya umaiwononga. Siteroyidi amafika m'chipinda cha DNA koma womuthandiza palibe. N'chifukwa chake osuta amene ali ndi mphumu sapindula mokwanira ndi inhela yabulauni. Ana okhala m'nyumba ya osuta nawonso mphumu yawo imavuta kuigonjetsa.

Utsi wa makala, nkhuni ndi mapulasitiki nawo umapsereza tinjira ta mpweya n'kudzutsa akapitawo aja. Ku Kawale, Biwi kapena Mgona, kumene banja lonse limagona m'chipinda chimodzi kapena ziwiri ndipo magetsi ndi odula, kusiya makala si nkhani yapafupi. Koma pali zotheka. Yatsirani mbaula panja ndipo phikirani pakhonde. Musagone ndi mbaula m'nyumba, chifukwa kupatula mphumu, mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo. Mwana wa mphumu asakhale wokoleza moto kapena wootcha zinyalala. Wazani madzi musanasese. Gonani m'neti m'malo moyatsa koyilo. Yanikani mabulangete ndi matiresi padzuwa.

Nanga mapiritsi a prednisolone?

Prednisolone amagwira ntchito m'njira yomweyo, koma amayenda ndi magazi thupi lonse. Puloteni yolandira siteroyidi ili pafupifupi m'selo iliyonse, choncho masamba amatsegulidwa ndi kutsekedwa m'chiwindi, m'mafupa, pakhungu, m'maso ndi m'minofu.

Mphumu ikakula, mapiritsiwa amapulumutsa moyo. Dokotala amawapereka kwa masiku ochepa: kawirikawiri 5 mpaka 7 kwa akuluakulu, 3 mpaka 5 kwa ana. Vuto limabwera munthu akazolowera kugula prednisolone kapena dexamethasone kumsika kapena pagolosale n'kumamwa miyezi chifukwa ndi wotchipa ndipo amamveka. Zotsatira zake ndi shuga wokwera, BP, nkhope yotupa, mafupa osalimba, ng'ala m'maso, khungu lopyapyala ndi chitetezo chofooka, chimene chingadzutse TB imene inali chigonere. Komanso tiziwalo ta pa impso tija timasiya kupanga cortisol wa thupi. Munthu wotero akasiya mapiritsi mwadzidzidzi akhoza kufooka, kusanza, kutsika BP mpaka kukomoka. Ngati mwamwa mapiritsiwa koposa masabata atatu, musasiye nokha. Pitani kuchipatala akakuchepetsereni pang'onopang'ono.

Yerekezani milingo. Piritsi limodzi la prednisolone ndi mamiligalamu 5, ndipo munthu wamkulu wobanika amapatsidwa 40 patsiku. Pafu imodzi ya beclomethasone ndi maikulogalamu 50 kapena 100 pa ma inhela ofala, ndipo miligalamu imodzi ili ndi maikulogalamu 1,000. Mlingo wa inhela ndi wochepa kwambiri, ndipo umapita pamalo pomwe pali vuto. Amene amathawa inhela poopa siteroyidi, n'kumathamangira mapiritsi mphumu ikakula, amalandira siteroyidi wochuluka koposa.

Mantha amene anthu ali nawo pa inhela

"Ukayamba inhela sungasiye." Inhela siyambitsa chilakolako ngati fodya kapena mowa. Mphumu ndi imene imakhalitsa, ngati BP kapena shuga. Mukakhala bwino kwa miyezi itatu, dokotala akhoza kukuchepetserani mlingo.

"Inhela ndi ya odwala kwambiri, mapiritsi ndi manyuchi ndiye abwino." Ayi. Mapiritsi a salbutamol amachedwa kugwira ndipo amanjenjemeretsa ndi kugunditsa mtima kuposa inhela.

"Mwana sakula." Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa CAMP anatsatira ana opopa budesonide mpaka atakula, n'kupeza kusiyana kwa msinkhu kwa pafupifupi sentimita imodzi. Mphumu yosasamalidwa nayo imapinimbiritsa mwana, kumujombetsa kusukulu, ndipo ingamuphe.

"Mayi woyembekezera asiye." Musasiye. Mayi akabanika, mwana m'mimba amasowa mpweya. Beclomethasone ndi budesonide akhala akugwiritsidwa ntchito kwa amayi oyembekezera kwa zaka zambiri. Uzani anamwino kusikelo kuti muli ndi mphumu.

Mavuto enieni a inhela yabulauni ndi kusasa mawu ndi tizilonda toyera m'kamwa. Chukuchani m'kamwa ndi madzi n'kulavula mukangomaliza kupopa.

Ngati mumamwa mankhwala ena

Ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir/ritonavir ndi lopinavir/ritonavir, amalepheretsa chiwindi kuchotsa fluticasone ndi budesonide, moti siteroyidi amaunjikana m'thupi. Beclomethasone alibe vuto lalikulu lotere. Rifampicin wa TB amachita zosiyana: amachepetsa mphamvu ya prednisolone. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac amadzutsa mphumu mwa anthu ena, ndipo propranolol amatseka chifuwa. Tengani buku lanu lachipatala ndi mankhwala onse amene mumamwa pokaonana ndi dokotala.

Chifuwa choposa masabata awiri, chobwera ndi kutentha thupi, thukuta lausiku kapena kuwonda, musachiyese mphumu. Kayezetseni TB.

Zimene kafukufuku wa m'Malawi wapeza

Kafukufuku wotchedwa ACACIA anafunsa ana asukulu oposa 27,000 m'mizinda 6 ya mu Africa: Blantyre, Durban, Harare, Kampala, Kumasi ndi Lagos. Zotsatira zake, zosindikizidwa m'chaka cha 2024, zinasonyeza kuti pafupifupi 12 mwa ana 100 aliwonse anali ndi zizindikiro za mphumu, ndipo mwa iwo pafupifupi 8 mwa 10 anali asanauzidwepo ndi dokotala kuti ali nayo.

Kafukufuku wina, wotsogozedwa ndi Dr Sarah Rylance pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi kusindikizidwa m'magazini ya Thorax m'chaka cha 2021, anatsatira ana 120 a zaka 6 mpaka 15. Theka la anawo anapimidwa bwino, kupatsidwa inhela zoyenera, ndi kuphunzitsidwa pamodzi ndi makolo awo ndi alangizi omwe sanali madokotala. Patatha miyezi itatu, ana amenewa ankabanika mochepa, ankajomba kusukulu mochepa, ndipo ankathamangira kuchipatala mochepa kuyerekeza ndi anzawo olandira chithandizo cha nthawi zonse. Panalibe mankhwala odula. Anali ma inhela omwewa, ophatikiza ndi kudziwa kapopedwe ndi chifukwa chake.

Popani moyenera kuti mankhwala afike

Siteroyidi wotsalira pa lilime sangatseke tsamba lililonse m'mapapo. Njira yabwino ndi kupopera m'kabotolo kotchedwa spacer. Ngati kogula kalibe, botolo lapulasitiki la mamililita 500 limagwira ntchito. Gulu la Heather Zar ku Cape Town linasonyeza m'chaka cha 1999 kuti botolo lotere limathandiza ana mofanana ndi kogula. Amaboola kunsi kwa botolo bowo lokwana bwino pakamwa pa inhela, ndipo wodwala amapumira kukamwa kwa botolo. Pemphani anamwino akuonetseni kapangidwe kake.

Khutchumulani inhela. Ilowetseni pabowo. Tsekani milomo pakamwa pa botolo. Popani kamodzi, n'kupuma mofatsa kasanu. Ngati mwauzidwa mapafu awiri, khutchumulaninso n'kubwereza, osapopa awiri nthawi imodzi. Tsukani botolo ndi madzi asopo kamodzi pamwezi n'kulisiya liume lokha, osapukuta. Ikani inhela yabulauni pafupi ndi mswachi kuti musaiwale, kapena tcherani alamu mufoni.

Thamangirani kuchipatala ngati

wodwala akulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu. Milomo kapena zikhadabo zasintha mtundu. Nthiti ndi pakhosi zikulowa m'kati popuma. Mwana akukana kuyamwa kapena kumwa. Wodwala akusinza kapena kusokonezeka. Chifuwa chasiya kulira koma akubanikabe. Kapena inhela yabuluu sikuthandiza.

Mukhazikeni tsonga, musamugoneke. Popani salbutamol kudzera m'botolo, pafu imodziimodzi: mapafu 4 mpaka 10 kwa wamkulu ndi mwana wa zaka 6 kupita m'mwamba, 2 mpaka 6 kwa wocheperapo. Bwerezani mphindi 20 zilizonse muli panjira. Musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala chapafupi chimene chatsegula, kaya ndi Kawale, Area 25, Area 18, Bwaila, Likuni kwa a ku Chinsapo, kapena Kamuzu Central.

Zoti mukafunse ulendo wotsatira

Mukapita kuchipatala muli bwino, osati mukubanika, funsani mafunso awa. Kodi ndili ndi inhela yoteteza, ndipo ndizipopa kangati? Kodi mungandione mmene ndimapopera? Ndichite chiyani chimfine chikandigwira? Ngati beclomethasone watha pano, ndingamupeze kuti? Ndibwerenso liti?

Nthawi zina inhela yoteteza imasowa m'zipatala ndipo kufamase mtengo wake umaluma. Ikafika pochepa, yambani kufunafuna ina isanathe, ndipo gulani kufamase yovomerezeka ndi bungwe la PMRA. Ngati yanu ili m'kabati, ionani tsiku lotha ntchito, itengeni pamodzi ndi yabuluu, mukaonetse adokotala sabata ino nyengo yozizira isanakupezeni.